Thanki Yopanda Miyeso

3 Malichi

Mzime wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kutali komwe uliko. Ife kuno tadzuka, kupatula bondo langali limene silikusiya mwano. Amayi ako akuti moni, koma akudandaula kuti tchuthi chathachi sunabwere.

Usavutike kuimba foni. Yanga inathima limodzi ndi magetsi, ndipo ngakhale ikanakhala yoyaka, ukudziwa kuti makutu angawa anatha ndi phokoso la chigayo.

Nkhani ndi iyi. Thiransifoma ija ya pamapolo awiri kuseri kwa chigayo chathu yapsa. Akuba anaboola kunsi kwake n'kukhetsa mafuta onse, ife osadziwa. M'mawa titayatsa chigayo inangobuula ngati ng'ombe, utsi tolotolo, kenako zii. A kampani ya magetsi anabwera, anayang'ana kumwamba manja ali m'thumba, anaitsitsa n'kupita nayo. Akuti tili pamzere. Nditafunsa kutalika kwa mzerewo, anangoseka.

Chigayo chaima. Makina owotcherera a mlongo wako aimanso. Telala, wometa ndi mayi wogulitsa zozizira uja akungoswera pakhonde langa ngati pali maliro. Ndiye ndawauza kuti aleke kudandaula, chifukwa mwana wanga wamkazi amene ndinamuphunzitsa ndi chigayo chomwechi ndi injiniya wopanga zinthu zimenezi. Anawomba m'manja.

Choncho tumiza imodzi. Sitikufuna yaikulu. Ngakhale yokandika penti imene azungu akuntchito kwako aikana, ife tiilandira. Undiuze tsiku lofika kuti tikonze anthu otsitsa.

Ndine bambo wako.

17 Malichi

Okondedwa ababa,

Moni nonse kumeneko. Bondolo mwapita nalo kuchipatala, kapena mukungolikalipira ngati kale?

Pepani kwambiri ndi za chigayo. Koma ababa, mwalonjeza anthu chinthu chimene sindingathe. Ine sindipanga thiransifoma. Ndakhala ndikunena zimenezi chiyambireni ntchito, inu mumangogwedeza mutu. Ndiloleni ndifotokozenso.

M'kati mwa thiransifoma muli chitsulo chokulungidwa ndi mawaya a kopa ndi mapepala. Zimenezo amapanga ndi anthu ena, chipinda china. Zikamagwira ntchito zimatentha kwambiri, ndiye zimakhala zomira m'mafuta apadera. Mafutawo amaziziritsa, komanso amatchinga magetsi kuti asadumphire pena. Ntchito yanga ndi kujambula thanki imene zonsezi zimakhalamo. Ndimawerengera kukhuthala kwa chitsulo, nthiti zogwira makoma kuti asafufume, zipsepse za m'mbali zotulutsa kutentha, ndi kathanki kapamwamba kolandira mafuta akatupa. Ndimawerengeranso mpata wa pakati pa mawaya ndi khoma. Ndikaphonya ngakhale mulifupi mwa chala, magetsi amadumphira pachitsulo.

Ndajambula kachithunzi kuseri kwa pepalali kuti muone zimene ndikunena. Ndangojambula ndi bolopeni ndikumwa tiyi.

Komanso zimene timapanga kuno ndi zazikulu ngati chipinda cha chigayo chanucho, ndipo zimayenda palole ya matayala ambirimbiri. Zonse zili ndi eni ake zisanapangidwe n'komwe. Palibe yotsala imene ndingainyamule pansi pa jekete.

Panopa andipatsa thanki yoyamba yoti ndiitsogolere ndekha, ndipo mutu ukuwira. Abwana akufuna chitsulo chopyapyala kuti chitchipe. Amalole akufuna ikhale yaifupi kuti idutse pansi pa milatho. Anzanga opanga zam'kati akufuna ikhale yotakasuka. Bulangete ndi limodzi, aliyense akukokera kwake.

Chonde auzeni anthuwo zoona. Pitirizani kukumbutsa a kampani, mupite nonse pamodzi. Amayi ndi achimwene muwapatse moni.

Ndine mzime wanu.

2 Epulo

Mzime,

Kalata yako ndalandira. Ndinaiwerenga kawiri, kachiwiri nditavala magalasi, poganiza kuti mwina koyamba ndinaphonya pamene wanena tsiku lofika.

Ndiye kuti zaka zonse zija za sukulu unkaphunzira kupanga chidebe? Mlongo wako sanafike patali ndi sukulu koma zidebe amapanga. Ukufuna ndikaime pamaso pa telala ndi wometa ndiwauze kuti mwana wanga amangopanga chigoba? Anthu akubwerabe ndi matumba a chimanga pamutu n'kubwerera nawo. Ena ayamba kupita kuchigayo cha dizilo kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo munthu akazolowera njira ina sabwerera.

Kwa a kampani tinapita. Anatipatsa mabenchi.

Koma Mulungu sagona. Mlongo wako wapeza njira, akuuza yekha pansipa. Umuthandize, usamuchulukire nzeru.

Bambo wako.

Mlongo wanga,

Ndine mchimwene wako. Uli bwanji? Ine bwino, alamu ako ndi ana bwinonso, kungoti m'nyumba mwayamba kuyankhulidwa mokweza poti ntchito palibe.

Kwa wogula zitsulo zakutha ndapeza thiransifoma. Thanki yake inaphwanyika, akuti inagwa palole, koma zam'kati zili gwa. Kopa akuwala ngati watsopano. Ndiye kalata yako itafika ndinati eee, mwanayu ndi wochenjera! Pamaso pa ababa akukana kuti asagwidwe kuntchito, kuseri kwa pepala watitumizira pulani. Zikomo kwambiri. Ndamva chinsinsicho ndipo sindiuza munthu.

Vuto ndi lakuti unaiwala kulemba miyeso. Koma usadandaule, diso langa ndi tepi. Ndagulitsa foni kuti ndigule zitsulo, ndipo mnzanga wandibwereka jenereta yowotcherera. Ungondiuza chimodzi: kathanki kapamwamba kaja n'kofunikadi, kapena n'kokongoletsa?

15 Epulo

Achimwene,

Moni.

Si pulani! Chimene chili kuseri kwa pepala lija si pulani. Ndi kachithunzi kosonyeza ababa ntchito yanga, monga mmene munthu angajambulire ng'ombe pansi kuti mwana aione. Kodi mungakame ng'ombe yojambula? Palibe chinsinsi chilichonse chimene ndinakutumizirani. Pulani yeniyeni ya thanki imodzi ndi mulu wa mapepala, ndipo anthu angapo amaiona ndi kusainira chitsulo chisanadulidwe.

Kuwotcherera mumatha, zimenezo sindikutsutsa. Mageti anu ndi olimba kuposa a wina aliyense amene ndikumudziwa. Koma geti likakhala ndi kabowo kangati ka singano palibe amafa. Kuno msoko uliwonse timauyeza ndi mankhwala ndi makina, ndipo ngakhale amisiri amene akalambira pantchitoyi amabwezedwa kuti akabwereze.

Zam'katizo mukuti zikuwala. Chikomekome cha mkuyu, achimwene. Chakhala nthawi yaitali bwanji pamtetete, pamvula ndi pafumbi? Mapepala okulunga mawaya aja amamwa chinyontho ngati buledi. Kuno timaziumitsa mu uvuni waukulu, kenako timapopa mpweya wonse m'thanki tisanathire mafuta. Inu muumitsa ndi chiyani, dzuwa? Ndipo mwamufunsa wogulitsayo kuti anaitenga kuti? Thiransifoma sigwa palole ngati thumba la makala.

Inde, kathanki kapamwamba n'kofunika. Zonse n'zofunika. Koma musamve ngati ndikukuuzani kuti mukawotcherere. Ndikukuuzani kuti musiye. Bwezani chinthucho kumene munachitenga. Zitsulo mwagulazo mupangire mawindo.

Ndayesa kuimba foni ya alamu, ya telala, ya aliyense. Zonse n'zothima. Mundiyankhe msanga.

Mlongo wanu.

24 Epulo

Mlongo wanga,

Moni. Yankho lako silinafike mpaka lero, ndiye ndaona kuti kukhala chete n'kuvomera. Ndikudziwa kuti ndiwe wotanganidwa.

Ntchito yayenda bwino kwambiri. Thanki yaima! Ukanaiona ukananyadira. Ndaipaka penti yotuwa ngati ya a kampani, moti wometa anavula chipewa. Zipsepse ndaika mbali ziwiri zokha poti zitsulo zinatha. Kathanki kapamwamba ndakasiya, ndaona kuti kakungowonjezera kulemera. Pachivundikiro ndadula labala wa chubu cha thirakitala, wagwira bwino. Zam'kati zinakana kulowa poyamba, koma titakankha ndi ababa zinalowa. Zathina bwinobwino, sizikugwedera n'komwe.

Mafuta apadera unanena aja ndafunsa, kulibe, ndipo amene akuwadziwa akuti mtengo wake ndi wa ng'ombe. Ndiye makaniko wa pagalaja wandisungira oilo wotsitsa m'malole. Ndikumusefa ndi nsalu ya alamu ako, akutuluka woyera ndithu. Mafuta ndi mafuta.

Wokwera mapolo tamupeza. Ankagwira ntchito za magetsi kale asanamuchotse. Akuti iye mawaya amoyo amawagwira ngati chingwe choyanikira zovala. Tikungodikira kuti oilo akwane, mwina sabata yachiwiri ya mwezi wamawa.

Ababa asintha, mlongo. Ayambanso kumeta ndevu. Dzulo anasesa m'chigayo monse n'kudzoza girisi paliponse. Akuuza aliyense kuti ana awo awiri agwirizana, wina mutu wina manja. Sindinawaonepo akundinyadira chonchi chibadwire.

Ukapeza mpata unditumizireko magalasi owotcherera, anga anasweka.

Mchimwene wako.

3 Meyi

Ababa,

Moni. Ndalandira kalata ya achimwene ya pa 24, ndipo zikuoneka kuti yanga yowaletsa sinafike. Ndiye ndikulembera inu, poti inu mukanena kuti basi, iwo amasiya.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Chaka changa choyamba pantchito anatitengera kubwalo loyesera, kumene anaphulitsa dala thiransifoma yaing'ono kuti tione. Tinaima patali, kuseri kwa khoma la konkire. Magetsi atadumpha m'kati, mafuta anasanduka mpweya nthawi yomweyo. Chivundikiro chomangidwa ndi mabawuti chinauluka kupitirira denga. Mafuta oyaka anamwazika bwalo lonse, ndipo moto wake madzi sauzimitsa. Imeneyo inali thanki yopangidwa bwino, ya mafuta oyenera.

Ya achimwene ili ndi oilo wakuda wodzaza tizitsulo ndi madzi. Mawaya agunda khoma, iwo akuti zathina bwino. Imeneyo sidikira n'komwe kuti itenthe. Iphulika pomwe akulumikizapo, munthu ali pamwamba pa polo, achimwene ali pansi akuyang'ana kumwamba, inu muli pambali pawo ndi anthu onse amene mwawaitana kudzaonerera. Ana a achimwene adzakhala kutsogolo, mukuwadziwa.

Ndapempha tchuthi, abwana akana mpaka mayeso a thanki yanga atatha. Mayeso oyamba yalephera. Titapopa mpweya, khoma limodzi linalowa m'kati kuposa muyeso, ndipo mafuta apamwamba anatentha kupitirira malire. Ine amene ndinawerengera zonse pakompyuta miyezi yathunthu, yanga yalephera! Tsiku lonse ndikukangana ndi abwana za nthiti zowonjezera, maganizo ali pa mapolo awiri a kwathu.

Ababa, sindinayambe ndakuopsezanipo. Koma mukapanda kuletsa zimenezi, ndilembera a kampani ya magetsi ndi apolisi ndekha. Bola mundide.

Mzime wanu.

16 Meyi

Iwe,

Moni sindikupatsa, poti munthu amene wachita zimene wachitazi safuna moni wa bambo wake.

Makalata ako awiri, yanga ndi ya mlongo wako, anafika tsiku limodzi. Ndinawerenga, ndinaona kuti ndi mantha a munthu wa muofesi, ndinawasunga. Ndinati mwanayu akungolankhula, sangapereke magazi ake. Ndinalakwitsa.

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti tilumikize, kunabwera galimoto ziwiri. A kampani amene miyezi yonseyi amati alibe galimoto, tsiku limenelo anazipeza ziwiri, ndi apolisi pamwamba. Anatsegula thanki, anawerenga nambala pa zam'kati zija, akuti zinabedwa kwina chaka chatha. Mlongo wako anamukweza kumbuyo kwa galimoto ana ake akuona. Wagona m'chitokosi masiku angapo mpaka wogula zitsulo uja atagwidwa n'kuvomera kuti anamunamiza. Wokwera mapolo anathawa, sitikudziwa kumene ali.

Mkulu wa a kampaniwo anandiloza chala pamaso pa anthu, ine, n'kunena kuti, "Madala, mukanapha mudzi wonse wa pamsika pano." Telala anali pomwepo. Wometa anali pomwepo. Pano ndikamadutsa amayang'ana pansi.

Mlongo wako watuluka koma sakulankhula. Alamu ako akuti dzina lako lisatchulidwe m'nyumba mwawo. Foni anagulitsa, zitsulo zinapita, ulemu wapita. Iye ankayesetsa kuti tidye. Iwe unachitapo chiyani kupatula kulemba makalata?

Ndinakutumiza kusukulu kuti udzatitchinjirize, osati udzatiitanire apolisi. Magalasi owotcherera watumiza aja afika. Ndawabweza.

25 Meyi

Ababa,

Moni, ngakhale inu mwandimana.

Choyamba, ndikuthokoza Mulungu kuti achimwene ali moyo, inu muli moyo, ana ali moyo. Nditawerenga kalata yanu ndinakhala pansi m'khonde la ofesi n'kulira, anzanga mpaka anaganiza kuti kwathu kwagwa zovuta.

Chachiwiri, si ine. Kalata ya kwa a kampani ndinailemba, inde, koma ili m'dirowa muno mpaka lero. Ndinkadikira yankho lanu, poganiza kuti bambo anga ndi munthu womva. Ndikanadziwa kuti makalata anga mukungowasunga, ndikanaitumiza tsiku lomwelo. Koma sindinatumize. Thanki yotuwa itaima pabwalo, anthu akuvulira zipewa, inu mukulengeza kwa aliyense wodutsa, mukuganiza kuti panafunika munthu wa kutsidya kwa nyanja kuti a kampani amve?

Zikundipweteka kuti achimwene anagona m'chitokosi. Sanabe kanthu, ndikudziwa. Koma ababa, mwandilembera tsamba lonse za telala ndi wometa ndi amene anayang'ana pansi. Palibe mzere ngakhale umodzi woti mwina mwanayu ankanena zoona. Ndikanena za ntchito yanga ndine wopanga zidebe. Ndikachenjeza ndine wamantha wa muofesi. Zikavuta ndine wapolisi. Kodi ndidzakhala liti munthu wodziwa chimene akunena?

Ndatopa. Mawa m'mawa tikuyesanso thanki yanga, ndawonjezera nthiti ziwiri ndi mzere wina wa zipsepse, ndipo ikalepheranso sindikudziwa ngati adzandipatsenso ina. Sindikuyembekeza kuti wina kumeneko afunse.

Magalasiwo ndi a achimwene, si anu. Ndawatumizanso.

Mzime wanu.

6 Juni

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Uli bwanji kumeneko, ukudya? Usadabwe ndi zilembo zokhotazi, ndalemba ndekha pang'onopang'ono kunyumba kwa mng'ono wanga, ndipo ndi iye akaponye. Bambo ako sakudziwa.

Amene anapita kwa a kampani ndine.

Makalata ako aja bambo ako anawaika pansi pa wailesi. Amaganiza kuti ine poti ndimawerenga mochedwa ndiye kuti sindiwerenga. Atapita kuchigayo ndinawatenga. Zambiri za nthiti ndi zipsepse sindinamve, koma pamene unati ana adzakhala kutsogolo ndinamva. Madzulo ndinawauza bambo ako kuti tamverani mwanayu. Anati zamagetsi ndi mayi wapakhomo n'zosiyana. Ndinapita kwa mlongo wako, anati amayi musadandaule, diso langa ndi tepi. Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamubereka ndekha, akusefa oilo wakuda ndi nsalu, akuimba nyimbo.

Lachinayi ndinanena kuti ndikupita kuchipatala ndi msana. Ndinakwera minibasi mpaka kuofesi kwawo. Anandipatsa benchi. Ndinakana kukhala, ndinaima pakhomo la mkulu wawo mpaka anatuluka, ndinamupatsa kalata yako kuti awerenge. Asanamalize anayamba kuitana anzake. Za apolisi sindinadziwe, mwana wanga. Ndinkaganiza kuti angobwera kudzawakalipira. Pamene ankamukweza mlongo wako m'galimoto ndinali m'khitchini. Chakudya ndinkamupititsira ndine kuchitokosi, iye n'kumati amayi ndinu nokha mumandikonda.

Pali china chimene bambo ako sangakuuze. A kampani anatenga zam'kati, thanki anaisiya. Sabata yatha mlongo wako anati aitsuke asungiremo madzi. Atathira madzi kufika pakati, makoma anafufuma ngati mimba, ndipo msoko wapansi unayamba kuchucha malo atatu. Bambo ako anaima pomwepo akuona madzi akuyenderera mpaka kunsapato zawo. Tsiku limenelo sanadye. Mlongo wako anakhala pansi n'kugwira mutu. Magalasi ako walandira, akuwavala, koma ukafunsa akuti anagula.

Ndiye akudziwa, onse awiri. Koma mwamuna akachita manyazi amafuna pokolowekapo mkwiyo wake, ndipo akoloweka pa iwe.

Tsono ndikupempha chinthu chovuta. Kalata yako yokana ija yawasokoneza. Ayamba kufunsa kuti ngati si mzime ndiye ndani, ndipo dzulo anafunsa mng'ono wanga ngati ndinapitadi kuchipatala. Mwana wanga, usakanenso. Iwe uli kutali, mkwiyo wawo pofika kumeneko umakhala utazizira m'njira. Ine ndimagona nawo nyumba imodzi, ndipo mlongo wako ndimamuona tsiku lililonse. Ndikadzaona kuti mitima yatsika ndidzawauza ndekha, pakamwa panga. Koma osati pano.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu amene si wako. Unali mwana wosalakwa pa onse, ndiye ukulipira ndiwe. Undikhululukire.

Usandiyankhe, makalata onse amatsegula ndi iwo. Koma kodi chidebe chako chija chinakhoza mayeso? Ndinakupempherera nditangowerenga za mayesowo, ngakhale m'mawa unanena uja unali utadutsa kale. Upeze njira yondiuzira.

Mayi ako.

18 Juni

Okondedwa ababa,

Moni nonse. Bondo likuti bwanji? Achimwene, alamu ndi ana ali bwanji? Magetsi abwera, kapena mudakali pamzere?

Ndakhala ndikuganiza za kalata yanga yapita ija. Ndinailemba nditapsa mtima, ndipo ndinachulutsa zonena. Musavutikenso kufunsa anthu kuti anapita kwa a kampani ndani. Mawu amene anawabweretsa pakhomo panu ndi anga, ndinalemba ndine ndi dzanja langa. Mlanduwo ndi wanga, muusiye pa ine.

Kupepesa kokha sindipepesa. Zitati zibwererenso, ndikhoza kulembanso mawu omwewo, mwina ndi zilembo zikuluzikulu. Achimwene muwauze kuti za chitokosi zija zimandiwawa mpaka lero, ndipo tsiku limene adzafune kundilankhula adzandipeza. Ngati akufuna thanki yosungira madzi imene singafufume, andiuze kukula kwake, ndiwatumizira pulani yeniyeni, yamiyeso, yosainidwa. Imeneyo akhoza kupanga zambiri n'kumagulitsa.

Amayi muwauze kuti thanki yanga inakhoza. Khoma silinasunthe, mafuta sanapitirire malire, ndipo dzulo inanyamuka palole. Ndinaima pageti mpaka inakhota. Muwauze ndithu, musaiwale, ngakhale inu zisakukhudzeni.

Tchuthi andipatsa mwezi wa Ogasiti ndipo ndikubwera. Ngati simudzandilankhula, palibe kanthu, ndidzakhala pakhonde n'kumakuyang'anani. Kwiyani mmene mungathere, ababa. Munthu wokwiya ndi wamoyo, ndipo ine ndikufuna ndidzakupezeni nonse mukundikwiyira, osasowapo ndi mmodzi yemwe.

Ndine mzime wanu.